Kuchoka pa lendi kukagula nyumba yoyamba ya banja: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso omwe anthu a lendi amafunsa mobwerezabwereza akayamba kuganiza zogula nyumba yawoyawo, makamaka amene ali ndi ana kapena akuyembekezera. Malamulo a malo ndi a ngongole amasiyana dziko ndi dziko, ndiye pano tikamba zomwe zimakhudza aliyense kulikonse komwe ali. Manambala a m'zitsanzo alibe dzina la ndalama, ikanipo ndalama yomwe mumagwiritsa ntchito kwanuko, masamu ake sasintha.

Kodi lendi ndi kutaya ndalama ngati mmene anthu amanenera?

Ayi. Mukalipira lendi mwagula pogona pa mwezi umenewo, mwagulanso ufulu wonyamuka ntchito ikapezeka kwina, ndipo paipi ikaphulika mumangoimbira landilodi basi. Mawu aja oti "ukungolemeretsa landilodi" athamangitsira mabanja ambiri mu ngongole asanakonzeke ndipo zimandimvetsa chisoni, chifukwa naye wogula ali ndi ndalama zake zomwe sizibwerera, chiwongola dzanja, inshulansi, misonkho ya malo, zokonzera nyumba, zonsezi zimapita osabwerera ngati lendi yomwe.

Kugula kumayamba kupindula mukadziwa kuti mukhalitsa pamalopo. Alangizi ambiri amanena zaka 5 kupita m'tsogolo, chifukwa pogula pamalowa ndalama zambiri zapadera, pogulitsanso chimodzimodzi, ndiye mukagula lero n'kugulitsa patatha zaka ziwiri kawirikawiri mumatuluka mutaluza. Ngati ntchito yanu ndi yosamutsidwasamutsidwa pitirizani lendi ndi mtima umodzi, palibe chamanyazi.

Ndingadziwe bwanji kuti ndakonzeka?

Osayang'ana mtengo wa nyumba wokha, yang'anani mwezi wanu. Nyumba yomwe mungaikwanitse ndi yomwe mukalipira ngongole yake, inshulansi ndi misonkho, ana akudyabe bwino, fizi ikulipidwa, wina akadwala simukuthamanga kukakongola. Muyeso womwe mabanki ambiri ku America amagwiritsa ntchito ndi woti zolipira nyumba zisadutse 28 pelesenti ya malipiro a pamwezi msonkho usanadulidwe, ndipo ngongole zonse pamodzi, ya galimoto, ya sukulu, ya nyumba, zisadutse 36 pelesenti. Ineyo ndimakonda kuti muwerengere pa ndalama yomwe imafikadi m'manja, chifukwa ndi yomwe mumagulira zinthu.

Njira yodziyesera yosanama ndi iyi: pezani chiwerengero cha zomwe muzidzalipira pamwezi mukagula, chotsanipo lendi yomwe mukulipira panopa, ndalama yotsalayo muziiponya mu akaunti ina tsiku lomwe mwalandira, kwa miyezi 6 osadumphitsa. Mukaona kuti mwezi wachitatu mwayamba kukatapamo, mwadziwa choonadi musanasaine kalikonse. Mukakwanitsa, ndiye kuti depoziti, ndalama yanuyanu yomwe mumapereka poyamba pa mtengo wa nyumba banki n'kukubwerekani yotsalayo, yakula.

Depoziti ikhale yochuluka bwanji?

Obwereketsa ambiri amafuna pakati pa 10 ndi 20 pelesenti ya mtengo wa nyumba. Alipo ena olola yochepa kuposa apo, ndipo maiko ena ali ndi mapulogalamu a boma othandiza ogula koyamba, funsani ngati kwanu alipo. Koma depoziti ikachepa ngongole imakula, chiwongola dzanja nthawi zambiri amakweza, ndipo malo ena amakukakamizani kulipira inshulansi yoteteza banki osati inu. Vuto lina, mitengo ya nyumba ikatsika pang'ono mumapezeka ngongole yanu ikuposa mtengo wa nyumbayo, kugulitsa osatheka popanda kuonjezera ndalama za m'thumba.

Chonde musakhuthule ndalama zonse pa depoziti. Musiye padera ndalama zokwanira kukhala miyezi 3 mpaka 6 popanda malipiro. Depoziti ya 15 pelesenti muli ndi kangachepe kumbali ndi yabwino kuposa ya 20 mutatsala manja lende.

Ndisunga bwanji ndalama pomwe lendi ikundidya mwezi ndi mwezi?

N'zovuta, palibe chobisa, ndipo kwa mabanja ambiri zimatenga zaka. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi kusunga poyamba osati pomaliza, banki izidula yokha tsiku la malipiro n'kuika mu akaunti yomwe ilibe khadi. Zinthu zazikulu ndi zomwe zimasintha nkhani, kukhalabe m'nyumba yalendi yaing'ono chaka china m'malo mokwera, kusagula galimoto pa ngongole, kuika bonasi yonse ndi ndalama za maganyu m'thumba la nyumba. Ngongole zazing'ono za chiwongola dzanja chokwera ziphedwe kaye, palibe nzeru kusunga pomwe akukupatsani 5 pelesenti uku mukulipira 30 kwina.

Ndalama ya depoziti isalowe mu zinthu zolonjeza phindu lofulumira. Aliyense wokuuzani kuti aichulukitsa kawiri pa miyezi ingapo mutalikireni.

Kupatula mtengo wa nyumba, ndi ndalama zina ziti zomwe ndikonzekere?

Loya, wowerengera mtengo wa nyumba, woyendera nyumba, fizi ya banki yokonzera ngongole, msonkho wosinthira umwini, kulembetsa dzina lanu ku ofesi ya malo, inshulansi ya chaka choyamba, galimoto yosamukira. Ku America amawerengera kuti zolipira potseka malonda zimakhala 2 mpaka 5 pelesenti, kwina zimakwera kuposa apo chifukwa cha msonkho. Pemphani loya ndi banki akulembereni mndandanda wake papepala musanapereke mtengo kwa wogulitsa.

Ndiye pali zomwe munthu wa lendi sanazizolowere. Denga likadontha ndi lanu, giza ikapsa ndi yanu, mpanda ukagwa ndi wanu. Ambiri amalangiza kusunga pafupifupi 1 pelesenti ya mtengo wa nyumba chaka chilichonse ya zokonza, nyumba yakale imafuna yoposa. Mipando yatsopano ndi makatani zidikire, mungathe kukhala chaka ndi katundu yemwe munachoka naye ku lendi.

Mortgage imayenda bwanji kwenikweni?

Banki imakubwerekani ndalama yogulira nyumba, nyumbayo n'kukhala chikole. Mwezi uliwonse mumalipira ndalama yofanana ngati chiwongola dzanja sichinasinthe, koma mkati mwake muli magawo awiri, chiwongola dzanja ndi kubweza ngongole yeniyeniyo, ndipo apa ndi pomwe ambiri amadabwa. Chiwongola dzanja amawerengera pa ngongole yomwe yatsala, ndiye poyamba ngongole ikadali yaikulu pafupifupi ndalama yonse imathera ku chiwongola dzanja.

Tiyerekeze mwabwereka 100,000 pa 10 pelesenti pachaka, kwa zaka 20. Pamwezi muzilipira pafupifupi 965. Mwezi woyamba 833 ndi chiwongola dzanja, 132 yokha ndi yomwe yachepetsa ngongole. Patatha zaka 10, theka la nthawi, mwina mungaganize kuti ngongole yafika theka koma ayi, mudzakhala mukadali ndi pafupifupi 73,000. Pofika kumapeto mudzakhala mutalipira pafupifupi 231,600 pa 100,000 ija.

Sindikunena izi kuti muope, koma kuti muone komwe mphamvu yanu ili. Kandalama kalikonse koonjezera komwe mungaponye zaka zoyambirira kamapita kukadula ngongole yeniyeni, ndipo kamachotsa chiwongola dzanja cha zaka zonse zotsala pa gawo limenelo. Ndiye musanasaine funsani ngati amalola kulipira moonjezera kapena kumaliza msanga popanda chindapusa, ena amalipiritsa, ndipo yankho lake mulione lolembedwa mu mgwirizano osati kungouzidwa pakamwa.

Nditenge ya zaka 15, 20 kapena 30?

Pa chitsanzo chomwechi cha 100,000 pa 10 pelesenti, zaka 15 mumalipira pafupifupi 1,075 pamwezi ndipo zonse pamodzi 193,400. Zaka 30 mumalipira 878 pamwezi koma zonse pamodzi zimafika pafupifupi 316,000. Taonani bwino, kuchoka pa zaka 20 kupita 30 kwangokupeputsirani 87 pamwezi koma kwakuonjezerani zoposa 84,000. Chiwongola dzanja chikakhala chokwera kutalikitsa zaka kumathandiza pang'ono kwambiri.

Komabe banja la ana aang'ono limafuna popumira. Ngati ngongole yaifupi ikusiyani mulibe kanthu mwezi uliwonse, tengani yotalikirapo yomwe imalola kulipira moonjezera, muziponya zambiri miyezi yabwino. Ganiziraninso zaka zanu, ndi bwino ngongole ithe musanapume pantchito.

Chiwongola dzanja chokhazikika kapena chosintha, chabwino n'chiti?

Chokhazikika chimakupatsani mtendere, mukudziwa zomwe mulipire. Chosintha chimatsatira zomwe banki yaikulu ya dziko yachita, chikatsika mwapindula, chikakwera mwalira. Ku America ngongole yokhazikika zaka 30 zonse ndi yofala, ku Britain ambiri amakhazikitsa zaka 2 kapena 5 kenako n'kukambirananso, maiko ena pafupifupi ngongole zonse ndi zosintha ndiye kusankha kulibe.

Zoti chikhoza kukwera si nthano. Chiwongola dzanja cha Bank of England, banki yaikulu ya ku Britain, chinachoka pa 0.1 pelesenti mu December 2021 kufika 5.25 mu August 2023, mabanja omwe nthawi yawo yokhazikika inathera pakatipo anapeza zolipira pamwezi zitalumpha. Ndipo mavuto a zachuma a 2008 anayambira pa ngongole za nyumba ku America, anthu ambiri anapatsidwa ngongole zotchipa zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, chiwongola dzanja chitakwera mitengo ya nyumba n'kutsika analephera kulipira komanso kugulitsa, mabanja mamiliyoni analandidwa nyumba.

Ndiye dziyeseni nokha. Pa chitsanzo chathu cha zaka 20, chiwongola dzanja chikakhala 13 m'malo mwa 10, zolipira pamwezi zimachoka pa 965 kufika cha m'ma 1,170. Ngati bajeti yanu singapirire zimenezo, nyumbayo yakukulirani.

Banki imayang'ana chiyani? Nanga ine ndimadzilemba ntchito ndekha

Amafuna umboni woti ndalama imalowa mokhazikika, mapeyisilipi, sitetimenti ya ku banki ya miyezi ingapo, kalata ya kuntchito, ngongole zina zomwe muli nazo, ndi mbiri yanu yobweza ngongole kumabungwe osunga mbiri imeneyi. Itanitsani lipoti lanu nokha miyezi ingapo musanapemphe ngongole, zolakwika zimapezekamo ndipo kukonzetsa kumatenga nthawi. Lendi muzilipira kudzera ku banki kapena njira ina yosiya umboni, obwereketsa ena amaiwerengera.

Wa bizinesi amafunsidwa zambiri, kawirikawiri mabuku ndi umboni wa msonkho wa zaka ziwiri kapena kuposa. Ngati ndalama za bizinesi zimangodutsa m'thumba yambani lero kuzidutsitsa ku banki, ndipo akaunti ya bizinesi isiyane ndi ya pakhomo. Pitani mabanki angapo, osati yanu yokha, kusiyana kwa 1 pelesenti pa zaka 20 ndi ndalama yambiri. Ndipo kuyambira pomwe mwapempha mpaka makiyi ali m'manja musatenge ngongole ina iliyonse, musasiye ntchito.

Banki yati ikhoza kundipatsa zambiri kuposa zomwe ndimaganiza, nditenge zonse?

Ayi. Banki sidziwa kuti mwana wachiwiri ali m'njira, sidziwa kuti mumathandiza makolo. Bwererani ku funso la kukonzeka lija, nambala yomwe munaiyesa miyezi 6 ndi yomwe muitsatire.

Tisankhe nyumba yaikulu kutali kapena yaing'ono pafupi?

Khitchini mukhoza kuisintha, chipinda mukhoza kuonjezera ngati malamulo a kuderalo akulola, koma nyumba simungaisunthe pomwe ili. Werengerani thiransipoti ya banja lonse pamwezi, ulendo wa kuntchito, wa kusukulu, wa kuchipatala usiku mwana atatentha thupi. Nyumba yotchipa yakutali nthawi zina imabweza mtengo wake pa mafuta ndi maola omwe simukuona ana anu. Yesani ulendowo m'mawa tsiku la ntchito osati Lamlungu masana misewu ili mbee.

Musagule nyumba ya banja lomwe mwina mudzakhala nalo zaka 20 zikubwerazo. Gulani yokwanira zaka 5 mpaka 10. Yoyamba siyenera kukhala ya maloto.

Poyendera nyumba ndiyang'ane chiyani?

Madzi ndi mdani wamkulu wa nyumba. Yang'anani madontho pa siling'i, penti yotupa m'munsi mwa khoma, fungo la chinyezi m'makabati, komwe madzi a mvula amalowera akachoka padenga. Khoma limodzi lokha lopentedwa kumene likupatseni mafunso. Timing'alu tating'ono ta pulasitala si nkhani, koma mng'alu waukulu wopendekeka wochokera pakona ya windo kapena chitseko, zitseko zokana kutsekeka, pansi popendekera mbali imodzi, izi zikhoza kutanthauza kuti maziko akusuntha ndipo kukonza kwake ndi kodula zedi. Tsegulani mipope yonse, gujumulani zimbudzi, yatsani magetsi, onani bokosi la magetsi ngati mawaya ake ndi akale, gogodani matabwa kuona ngati chiswe chadyamo. Nyumba zakale zina zili ndi asbestos, chomangira chomwe fumbi lake limawononga mapapo, kapena penti ya mtovu yomwe ndi yoopsa kwa ana, ku America penti imeneyi analetsa m'nyumba mu 1978.

Pitaniko kangapo, masana, usiku, ndipo ngati n'kotheka mvula itangogwa. Chezani ndi aneba, iwo sakugulitsa kanthu ndiye adzakuuzani ngati msewu umasefukira kapena madzi amavuta. Kenako lipirani katswiri wanuwanu ayendere nyumbayo. Munthu wotumidwa ndi banki amangowerengera mtengo kuti banki itetezeke, sabwera kudzakufufuzirani zovuta. Zomwe katswiri wanu wapeza muzigwiritse ntchito potsitsa mtengo, kapena muchokepo ngati zakula.

Mapepala ofunika ndi ati?

Apa ndi pomwe mabanja amataya ndalama za moyo wonse ndiye ndikupemphani mudekhe. Pezani loya wanu, osati wa wogulitsa, osati yemwe ejenti wakulozerani. Loyayo akafufuze ku ofesi yolembetsa malo kuti dzina lomwe lili pa title deed, chikalata cha umwini wa malo, ndi la munthu yemwe akugulitsayo, kuti nyumbayo si chikole cha ngongole ina, palibe mlandu kukhoti, palibe misonkho ndi mabilu otsalira. Fotokope yomwe wogulitsa wakupatsani si umboni, umboni ndi zomwe zili m'kaundula wa boma.

Funsaninso ngati malowo ndi anu mpaka kale kapena ndi a lizi, kutanthauza obwerekedwa kwa zaka zowerengeka, ndipo ngati ndi lizi kwatsala zaka zingati, chifukwa lizi yotsala pang'ono imagwetsa mtengo ndipo mabanki amaikana. Malire a pamapepala afanane ndi mpanda womwe mukuuona, ngati pali chikayiko itanani woyeza malo. Zipinda zoonjezera zikhale ndi chilolezo. Nyumba ya masiye isamalidwe mwapadera, wogulitsayo akhale ndi mphamvu zochokera kukhoti kapena mu wilo, apo ayi m'bale wina adzatulukira mutalowa kale. Chimodzimodzi nyumba ya anthu okwatirana, malo ambiri amafuna onse awiri avomereze.

Ejenti akuti pali wina akuifuna, ndilipire lero. Nditani?

Mwina alipodi, mwina palibe. Kumbukirani kuti ejenti nthawi zambiri amalandira komishoni malonda akatheka, ndiye changu chimamupindulira iye. Ndalama isatuluke musanasainirane mgwirizano womwe loya wanu wawerenga, wonena kuti depoziti ibwerera ngati banki yakana ngongole, mapepala apezeka ndi vuto kapena nyumba yapezeka ndi chilema chachikulu. Ndalamayo idutse kwa loya kapena mu akaunti yosungira malonda, osati m'manja, osati mu akaunti ya ejenti. Mukalandira imelo yoti nambala ya akaunti yasintha imbani foni pa nambala yomwe mukuidziwa kale, akuba amabera anthu motere. Nyumba ikakudutsani chifukwa mumafufuza, ipite, zina zibwera.

Nyumba ilembedwe dzina la ndani?

Kambiranani musanapite kwa loya, ngakhale nkhani yake ndi yosasangalatsa. Ngati nonse mukulipira, mayina onse awiri akhalepo. Maiko ambiri ali ndi njira ziwiri zokhalira ndi nyumba limodzi, ina mmodzi akamwalira nyumba yonse imapita kwa wotsalayo, ina aliyense ali ndi gawo lake lomwe limapita kwa omwe wawalemba mu wilo, loya akufotokozereni zomwe zilipo kwanu. Dziwaninso kuti mukasaina ngongole awiri, aliyense ali ndi udindo pa ngongole yonse osati theka.

Lembani wilo, ndipo tengani inshulansi ya moyo yokwanira kutseka ngongole. Cholinga chogulira nyumba ya banja ndi choti ana akhale ndi pokhala, ndiye zisatheke kuti wopeza ndalama akachoka iwo atulutsidwe.

Achibale akathandiza depoziti zilembedwe ngati ndi mphatso kapena ngongole. Banki idzafunsa komwe ndalama yachokera, komanso zimateteza ubale.

Landilodi ndimuuze liti kuti ndikutuluka?

Malonda akatsimikizika, osati pomwe wogulitsa wangovomera mtengo. Kugula nyumba kumachedwa, miyezi iwiri itatu si zachilendo, ndipo malonda ena amafera panjira. Werengani mgwirizano wanu wa lendi muone notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji, ngati ukutha pemphani kukhala mwezi ndi mwezi. Konzekerani mwezi umodzi wolipira mbali ziwiri, ndi bwino kuposa kusowa kogona ndi ana. Notisi ikhale yolemba, jambulani zithunzi potuluka, depoziti ya lendi musaiwerengere pa bajeti yogulira chifukwa imabwera mochedwa.

Landilodi akufuna kundigulitsa nyumba yomwe ndikukhalamo, ndi mwayi?

Ukhoza kukhala mwayi, mukuidziwa nyumbayo, ana sasintha sukulu, zosamuka palibe. Koma zonse za m'mafunso a kuyendera nyumba ndi a mapepala zichitike ngati mukugula kwa mlendo, ndipo mtengo awerengere munthu wodziimira payekha. Akanena kuti muzilipira pang'onopang'ono ngati lendi mpaka idzakhale yanu, loya alembe momveka kuti dzina lidzasintha liti, ndi gawo liti la ndalama lomwe likupita ku mtengo, chichitike n'chiyani mukadumphitsa mwezi, nanga iye akamwalira kapena akaipereka chikole kubanki. Popanda zimenezi mukhoza kulipira zaka zambiri muli wa lendi basi.

Ndikadzalephera kulipira chimachitika n'chiyani?

Banki ili ndi mphamvu yolanda nyumba n'kuigulitsa, ndipo m'maiko ambiri ikagulitsidwa motchipa osakwanira ngongole, yotsalayo mumaisenzabe inu. Koma sizichitika tsiku limodzi, pali makalata ndi ndondomeko za malamulo, ndipo kulanda kumawadyera nawonso ndalama ndiye ambiri amalola kukambirana. Mukangoona kuti ntchito ikutha kapena matenda alowa pitani kubanki musanadumphitse mwezi ngakhale umodzi, pemphani kutalikitsa zaka, kulipira chiwongola dzanja chokha kwa kanthawi kapena kupuma miyezi ingapo, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Makalata awo muziwatsegula. Musakatenge katapira kuti mutseke mwezi wa mortgage. Miyezi 3 mpaka 6 yomwe tinanena pa funso la depoziti ntchito yake ndi imeneyi, ndipo mukaona kuti zinthu sizibwerera msanga, kuika wa lendi m'chipinda chimodzi ngati mgwirizano ukulola, kapena kugulitsa nokha nthawi ikadalipo, kumakusiyirani ndalama zambiri kuposa kudikira kuti banki igulitse pa okushoni.